Munthu wa Ambulera Yobiriwira

Amalume ntchito yawo ndi yomata mabuku. Ali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsapato, monunkha guluu ndi fumbi, ndipo anthu amabweretsa mabuku othothoka zikuto kuti awasokere. Vuto lawo ndi limodzi: buku lililonse amayamba aliwerenga kaye, mwiniwake adikire.

Apamtima pawo ndi mabuku a nkhani imodzi yopitirira, ya mlonda wina wa m'tauni amene amayenda ndi ambulera yobiriwira ngakhale dzuwa likuswa mtengo, n'kumathamangitsa mizimu yobisala m'zikepe za nyumba zosanja ndi m'mipope ya madzi. M'buku lomaliza mlondayo analowa pakhomo lina pansi pa mlatho, ndipo wolemba wake anamwalira asanamutulutsemo. Amalume zinawapweteka ngati wasowayo ndi m'bale wawo.

Tsiku lina anandiimbira ndili kuntchito, mawu akunjenjemera. Ndinathamanga poganiza kuti agwa. Ndinawapeza ali bwinobwino, atatsegula buku lachikondi lomwe mayi wina anabweretsa, chala chili pamzere.

"Tawerenga apa. Munthu wa ambulera yobiriwira wagula machesi n'kudutsa. Akutani muno mwa anthu opsopsonana?"

"Amalume, olemba amatero. Kuli ngati kupatsana moni. Wolemba uyu ankakonda mabuku aja, ndiye wangomudutsitsamo."

"Moni wa machesi? Ndiye kuti anatuluka pansi pa mlatho paja?"

"Sanatuluke. Si iyeyo kwenikweni."

"Nanga ndi ndani?"



Kuyambira pamenepo anayamba kumusaka. Anamupeza m'buku la apolisi atakhala kumbuyo m'basi. Anamupezanso m'buku la ana akufunsa njira. M'buku lina munali ambulera yokha itatsamira khoma, ndipo amalume anadandaula tsiku lonse kuti munthu wamkulu waiwala bwanji chida chake.

Kenako makasitomala anayamba kubwerera maso ali psuu. Wina anati buku lake likudumpha kuchoka pa chibwenzi kufika pa maliro, ukwati osaoneka. Zinadziwika kuti amalume ankadula ndi lezala tsamba lililonse lomwe munthu wawo wadutsapo, n'kumata bwino osasiya chipsera. Ndinawakalipira, ndisaname, chifukwa manyazi anandigwira. Iwo anati sakuba, akungomutolera. Ntchito inachepa, maso awo nawo anayamba kuchita nkhungu.

Masamba aja anawasokera pamodzi, chikuto cholimba ngati cha buku lenileni, n'kundiitana kuti ndiwawerengere poti zilembo zinali zitayamba kuwathawa.

Ndinawerenga. Munthu uja anagula machesi. Anakwera basi. Anafunsa njira, anawoloka msewu, masamba n'kuthera pomwepo.

"Ndiye wafika kunyumba?"

"Sizikunena, amalume."

"Tatembenuza, mwina zili kuseri."

Kuseriko kunali anthu ena osawadziwa akukangana za chitseko cha firiji. Ndinawayang'ana amalume atatchera khutu, guluu ataumira m'zala, ndipo chisoni chinandigwira. Ndinayamba kuwerenga zomwe panalibe: kuti mlonda uja anagogoda, mkazi wake anatsegula, iye anavula nsapato pakhomo n'kupempha madzi osamba.



"Tsamba limenelo ndinasoka ndine," anatero amalume. "Mulibe zimenezo."

Ndinatseka bukulo.

"Wakuuza ndani kuti usiye? Madziwo anali otentha?"