Ndinafunditsa Mabatire a Mkamwini Bulangete

Inu owerenga, ine sindine munthu wopusitsika. Kafunseni pamsika wa Namadzi: wogulitsa mchere akamandiyezera ndimayang'ana zala zake, osati mano ake. Ndalera ana asanu ndipo mbuzi yanga sinagonepo panja. Koma chaka chatha ndinangotsala pang'ono kupha mdzukulu wanga ndi manja angawa. Sikunali kuledzera kapena kuiwala ayi. Kunali kuchenjera kwanga komweku.

Mwana wanga womaliza, Esinati, anakwatiwa ndi mwamuna wodziwa zamagetsi. Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi, choncho anamanga nyumba yawo kuseri kwa yanga. M'kati mwa sabata mkamwiniyu amalumikiza mawaya m'nyumba za anthu ku Limbe. Loweruka, anzake akamapita ku bawo, iye ankamanga galimoto. Musaseke. Zipangizo ankaitanitsa pa foni kuchokera kunja, zikubwera m'makatoni: mota yonga dzungu lalikulu, mawaya amitundumitundu, ndi kabuku ka zithunzi kosonyeza kuti ichi chilowa apa. Thupi lake anawotcherera yekha, n'kuikako matayala atatu a njinga yamoto. Sikuti ankafuna kunyamulira anthu. Ankangozikonda basi, monga ena amakondera nkhunda.

Kagalimotoko kanayendadi. Sikamwa petulo, sikatulutsa utsi, sikalira. Tsiku loyamba kanandidutsa kumbuyo ndikuyanika makaka, ndinangodzidzimuka nkhuku zikubalalika. Moyo wake unali m'mabatire anayi, lililonse lolemera ngati ndowa yodzaza madzi. Ankawatchajira m'chisakasa cha pafupi ndi khola, chopanda chitseko.

Chopanda chitseko, abale! Zinthu zodula ngati zimenezo, m'mudzi momwe anthu amakubera ndi mphika uli pamoto.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mpongozi ndi mkamwini sachezerana, akakumana panjira wina amapatuka. Mawu anga onse ankadzera mwa Esinati. Katatu konse ndinamutuma kuti auze mwamuna wake alowetse mabatirewo m'nyumba. Katatu konse yankho linabwera lomwelo: asawasunthe, asawaphimbe, amafuna mphepo. Chifukwa chake Esinati sankatha kuchifotokoza, ndipo ine sindikanapita kukafunsa mwini wake. Ndinangoti mumtima, mkamwini wayamba kundiikira malamulo padothi la amayi anga.

Lachinayi lina kunagwa maliro cha ku Nguludi ndipo mudzi wonse unapita, Esinati ndi mwamuna wake omwe. Ine ndinatsala ndi mwana wawo Tamanda, wa zaka ziwiri, poti anali ndi chimfine. Tsiku la maliro ndilo tsiku la mbava, zimenezo palibe angandiphunzitse. Dzuwa lisanafike pamutu ndinaona a Mulepa, oyandikana nafe, amene amapalasa kabaza ndipo sanapite nawo kumaliroko, akudutsa kawiri konse maso ali kuchisakasa. Iwowa tinali titatha zaka ziwiri osapatsana moni, chifukwa nkhuku yanga yathazi inalowa pakhomo pawo osatulukanso.

Ndinatenga wilibala n'kuyamba kututa mabatire aja limodzilimodzi kupita kuchipinda kwanga. Lachitatu linandipulumuka pasitepe, linagwera pakona n'kupindika. Ndinalipukuta ndi chitenje ndikuti silinasweke. Kuti asadzanene zoti ndawaonongera kutchaja, ndinatenganso chaja yake n'kuilumikiza m'chipindamo monga ndinkamuonera mwini wake ndili patali. Koma chajayo inkalira ngati njuchi, kagetsi kake kakuthwanima. Ndinati wodutsa pawindo amva. Ndinafunditsa zonsezo mabulangete awiri n'kuzunguliza matumba a nandolo amene ndinali nditangokolola. Ndinaima n'kudziyamikira ndekha. Ngakhale wapolisi sakanazipeza.

Tamanda anali atagona pamphasa pabalaza. Ndinafuna kukasuzumira kudimba ngati tomato wanga akadalipo, ndiye ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse: ndinakhoma chitseko ndi maloko awiri. Mawindo anga onse ali ndi zitsulo, zimene ndinaumirira ndekha pomanga nyumbayo.

Kudimba ndinakhalitsako, ndikuzula udzu ndi kuthamangitsa mbuzi za eni. Kenaka ndinamva phokoso ngati tayala laphulika. Potembenuka, utsi woyera unali kutuluka m'munsi mwa malata a nyumba yanga, n'kusanduka wakuda ndikuona. Ndinathamanga monga sindinathamangepo chikwatiwire. Pofika pakhomo ndinamva Tamanda akukhosomola m'kati, akuitana "gogo" ndi mawu ochepa. Makiyi anga ndimamangirira pachingwe m'chiuno, alipo ambiri ndipo ndi ofanana. Ndilowetse uyu, ayi. Ndilowetse uyo, ayi. Mwana anasiya kuitana.

Wina anandikankha phewa. Anali a Mulepa, nkhwangwa ili m'manja.

"Tachokani apo, amayi! Makiyi anuwo mukatsekulire kumwamba!"

Anatema katatu ndipo chitseko chinagwa. Anaviika thumba mu ndowa ya pakhonde, kuliphimba kumutu, n'kulowa chokwawa. Nthawi imene anakhala m'katimo sindingaiyeze. Anatuluka atakumbatira Tamanda, mwana ali lobodo, mkono wawo wamanja utasupuka khungu. Sanadikire kuti ndiyamike. Anangoti kwerani, ndipo anatipalasa mpaka kuchipatala cha mishoni ndi mkono wakupsawo, ine ndili kumbuyo ndikumuuzira mwana mpweya kumaso.

Tamanda anagonekedwa masiku anayi ndipo anachira. Nyumba sinapulumuke. Obwerera kumaliro ankathira madzi moto n'kuzima, akatembenuka wayakanso. Nandolo yense, zovala, Baibulo la malemu amuna anga, zonse zinapita.

Titatuluka kuchipatala, mlongo wanga, amene ndi mwinimbumba pathu, anaitanitsa banja pansi pa mango. Aliyense ankaganiza kuti mkamwini ndiye anasungitsa mabatire m'nyumba mwanga. Mlongo wangayo anati mwamuna wobwera ndi zidole zakupha apakire katundu wake abwerere kwawo. Mkamwini anangoweramitsa mutu. Ankadziwa bwino lomwe kumene anasiya mabatire ake, koma sakanatchula mpongozi pagulu. A Mulepa, amene anandiona ndi wilibala, nawonso sanandiulule. Ndikanangotseka pakamwa, banja la mwana wanga likanatha tsiku lomwelo ine dzina langa lili loyera.

Ndinaimirira. Ndinayang'ana mkamwini m'maso, koyamba chibwerere pamudzi pano, n'kunena zonse: wilibala, sitepe, mabulangete, maloko.

"Bambo a Tamanda, wolakwa ndine. Ndiuzeni pano anthu akumva, zinatani?"

"Amayi, mukanangondifunsa," anatero motsitsa mawu. "Batire lotere likagwa limavulala m'kati, kunja likuoneka labwino. Ndiye mukamalitchaja limatentha. Mwalifunditsanso, kutenthako kutulukira kuti?"

Mawu ochepa chonchi! Zaka zonsezi ankakhala kuseri kwa nyumba yanga, ndipo zondipulumutsa zinali pakamwa pake.

Tsono inu owerenga, makamaka anzanga okalamba amene ana anu akubweretsa zinthu zachilendo pakhomo, ndimvereni. Mabatire akuluakuluwa si mbatata yoti muikwirire. Musawatchajire m'chipinda chogona, musawaphimbe ndi kanthu, ndipo logwa pansi muliike patali n'kuuza mwini wake msanga, ngakhale mukuchita manyazi. Mwana musamukhomere m'nyumba, kaya mukungopita kuseri. Inunso anyamata omanga zinthuzi, musamangoti "musakhudze". Nenani chifukwa chake, poti ena tikaletsedwa popanda chifukwa ndiye mwatituma. Mwambo wopewana ndi mkamwini sindikuunyoza, ndimausungabe, koma pankhani ya moto ndimaima pakhomo pake n'kufunsa ndekha.

Musaganize kuti ndasintha kwambiri. Mbava zilipo, ndipo wa mchere ndimamuyang'anabe zala. Mkamwini anasonkhanitsanso mabatire ena pang'onopang'ono, ndipo tsopano amakhala m'kanyumba ka njerwa kutali ndi pogona, ka chitseko cha zitsulo zodutsa mphepo. Loko wake ndinasankha ndine. A Mulepa amabwera Loweruka kudzathandiza kumanga mabawuti, poti tsiku lija podutsa kawiri muja ankangosirira kagalimotoko, kamene kanaima pachisakasapo. Nkhuku yanga ija ndikukhulupirirabe kuti anadya ndi iwowo. Koma kiyi wachiwiri wa nyumba yanga yatsopano amasunga ndi iwo.