Ine Usanditchule

Chinali chitini chakale cha mafuta ophikira, chophwanyika mbali imodzi, m'kati muli timiyala. Tinkachimangirira kunsungwi pakati pa munda wathu wa mpunga ku Hara, chingwe chake n'kufika pamsasa pomwe tinkakhala. Ukakoka chingwecho chitini chinkasokosera, mbalame n'kubalalika. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mlongo wanga zisanu, ndipo bambo tinali titawaika m'manda mpunga usanatulutse ngala.

Amayi anali a ku Dowa. Bambo anawalowola ndi ng'ombe monga achitira kuno, choncho anafe tinali a kuchimuna. Akuluakulu anagamula kuti tikakolola, amayi abwerere kwawo, ife titsale kwa abambo aakulu. Palibe anandiuza. Ndinazimva ndekha ndili kuseri kwa khola, ndipo kuyambira tsikulo ndinadana ndi aliyense wa pakhomo paja.

M'masiku amenewo ndi pomwe amayi anayambitsa kachizolowezi kawo. Masana, tikamadya chinangwa chophika pamsasa, ankatifunsa mmodzimmodzi kuti watichitira chabwino ndani. Ankafuna dzina la munthu wa kwa abambo aakulu, ndipo pobwerera kumudzi unkayenera kupita kukagwada pamaso pake n'kunena kuti ndagha, zikomo wa m'chinenero chawo chomwe. Mlongo wanga sankavutika. Kumupatsa nthochi imodzi, basi wagulidwa. Koma ine ndinabadwa wouma mutu. Ndinkathokoza mvula, mthunzi, tsiku lina mpaka ng'ombe. Amayi ankangomwetulira n'kunena kuti ng'ombe siimva zikomo, ndiganizenso.

Mpaka lero ndimati chigamulo chija chinali chankhanza, ndipo sindidzasintha. Koma munthu akakukakamiza kufunafuna tsiku ndi tsiku, umayamba kuona zimene sumafuna kuziona. Abambo aakulu, munthu amene sindinamuonepo akuseka, anagwada m'matope tsiku lina n'kundichotsa msundu kumwendo, kenaka anagwira pabalapo ndi chala mpaka magazi ataleka. Amayi aakulu ankandisungira mkute m'kambale kawokawo, ana awo asanadzuke. Ndinkapita kukagwada ndithu, koma mtima ukuwawa kuti ndapeza chonena.

Tsiku lina amayi anandiluka tsitsi pamsasa pomwepo. Zala zawo zinkanunkha utsi ndi sopo. Atafika pa funso lija sindinachedwe kuyankha.

"Lero ndikuthokoza inuyo, amayi. Mwandiluka bwino."

"Ine usanditchule," anatero. "Peza wina."

Ndinalimbikira kuti palibe wina. Iwo anatembenuka, nakoka chingwe mwamphamvu kangapo konse, ngakhale m'mundamo munalibe mbalame ndi imodzi yomwe.

Zinandipweteka kuposa maliro aja. Ndinasiya kuwalankhula. Tinamweta mpunga, tinapuntha, tinauyanika, ine ndili duu, kuyankha ndi mutu basi. Ankandiyang'ana nthawi yaitali, koma mawu awo sanawabweze.

Tsiku lonyamuka tinawaperekeza kumsewu waukulu. Katundu wawo anali chikwama chimodzi ndi kathumba ka mpunga. Minibasi itaima anandigwira dzanja, ine ndinalichotsa. Zimenezi ndi zomwe sindinadzikhululukire. Ndinadzawaonanso kamodzi kokha, patapita zaka zitatu, atadwala kale moti sankatha kukhala tsonga.

Mawa lake masana mlongo wanga anakana kudya. Anakhala pakhonde akulira mosatulutsa mawu, mbale ili pambali, nkhuku zikuyandikira. Ndinasowa chomutonthozera, ndiye ndinangomufunsa funso la amayi lija. Anayankha kuti amayi aakulu amusambitsa ndi madzi ofunda. Nayenso anandifunsa. Ndinafuna kunena kuti palibe, koma ndinakumbukira kuti abambo aakulu anandinyamulira mtolo wa nkhuni m'mawa umenewo. Tinapita tonse awiri kukagwada, ndipo titabwerako mwanayo anadya.

Tinakulira pakhomo pamenepo. Sipanali pofewa, koma sitinkagona tikudziona ngati ana otayidwa.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti mayi akakana kuthokozedwa ndi mwana wake, ndiye kuti wayamba kale kumuiwala. Sindinathe kuzindikira kuti akanandilola kumawatchula, tsiku loyamba lopanda iwo ndikanasowa dzina loti nditchule.