Kabotolo ka Mwandida

Ndinadzuka tambala asanalire, m'siwa amayi a mvano akuodzera nyimbo ili kukamwa. Chiperoni chinali chitakuta Dambe yense, moto wa panja ukungofuka utsi. Tsiku limenelo tinkaika achimwene anga, ndipo bokosi tinali titakhomera kale chifukwa thupi linali litawonongeka.

Achimwene ankakhala okha kuphiri, pafupi ndi khola la mbuzi zawo. Amene anawapeza ndi mwana wawo Mwandida, amene amaphunzira kuyunivesite za nkhupakupa ndi ntchentche zovutitsa ziweto. Anakwera Lachiwiri kukatola nkhupakupa m'khola, n'kupeza bambo ake atafa kale pakhomo. Amene anathamangira kulira kwake anamuona akutola mphutsi n'kuika m'kabotolo.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pa njinga zamoto kuchokera ku Ligowe, koma nkhani inali ya kabotolo basi. Kophikira ankanong'ona kuti ndi sukulu yanji yofuna mphutsi za bambo ako, kumeneko n'kukhwima. Ine sindinamuikire kumbuyo. Ndinasonkhezera ndithu, chifukwa ndinali nditauza mudzi wonse kuti Lolemba ndinawapititsira achimwene chakudya n'kuwasiya ali bwinobwino. Zoona zake, ndinatha sabata osapondako. Tinakangana mbuzi zawo zitandidyera nyemba kudimba.

Popita kumanda ndinkamuyang'ana Mwandida cham'mbali. Sankalira mokweza, ndipo ndikati ndicheuke, maso ake anali pa ine. Ndinachita mantha. Adzukulu atakwirira, mwini mbumba anafunsa ngati alipo wa mawu. Mwandida anangoweramitsa mutu.

Madzulo anthu atabalalika tinatsala awiri m'nyumba, ine ndi Mwandida, mphasa zili mbwee. Anatulutsa kabotolo kaja n'kukaika pa tebulo. Anandifotokozera modekha kuti mphutsi zimakula ndi masiku, kukazizira zimachedwa, ndipo zonenepa chonchi sizingakhale za tsiku limodzi. Ankangofuna kudziwa kuti bambo ake anagona panja nthawi yaitali bwanji.

"Anamwalira cha Lachinayi, azakhali. Nanga Lolemba chakudya munapatsa ndani?"

Manyazi anandigwira. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene kumanda, anthu akumutcha mfiti tsiku lonse.

"Bambo ndaika lero. Ndikananena, wanga akanatsala ndani?"

Anatuluka kukatsekera mbuzi zija, zimene tinali titazitsitsa kuphiri. Kabotolo anandisiyira pa tebulo.