Mwala Umene Anganga Ankaudzoza Mafuta

Ndikawakumbukira anganga, mayi a mayi anga, mphuno zanga zimadzaza fungo la nsatsi zokazinga. Ankakhala kuseri kwa nyumba yawo ku Namitambo, pansi pa mtengo wa mapeyala, akuvundula nsatsi m'phale mpaka zitayamba kuthetheka, utsi wowawa ukuwalowa m'maso, kenako n'kuzisinja mu kamtondo kamene sikankaloledwa kulawa chimanga, n'kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama pamwamba. Amayi a m'mudzi ankabwera ndi timabotolo kudzatenga mafutawo, odzoza makanda ndi ming'alu ya kumapazi. Anganga sanali munthu wa nthano. Ukawapempha nthano ankakupatsa munsi kuti usinje.

M'kansalu kakuda kamene ankamanga m'chiuno, pamodzi ndi kabotolo ka fodya wa mphuno, munkakhala mwala wobiriwira, waukulu ngati njere ya mtedza. Agogo aamuna, a Mulipa, anapita ku migodi ya ku Zambia amalume anga a Faustino ali kumsana, ndipo sanabwererenso. Chokhacho chimene chinachokera kwa iwo ndi mwalawo. Mnzawo wina wobwerera kumudzi anauika m'manja mwa anganga n'kunena kuti, "Akuti musunge, akubwera."

Nkhani ya mwalawu inkandizunguza mutu, chifukwa aliyense anali ndi yake. A katekisiti ankati dzina lake ndi emarodi, ndipo miyala yotere ili pa maziko a mzinda wa kumwamba. Aphunzitsi athu ankati kalekale mafumu a ku Iguputo ankatuma anthu kukaikumba m'chipululu, ndipo kamwala kamodzi kabwino kakhoza kuposa khola lodzaza ng'ombe. Mayi anga ankangoti, "Bambo anathawa amenewo, asiyeni amayi azidzinamiza." Ine ndinkaona nkhalamba yogona pa mphasa yong'ambika itamanga khola la ng'ombe m'chiuno, ndipo sindinkadziwa woti ndimukhulupirire.

Ine ndekha ndi amene ndinkauona mwalawo uli wouma, poti ndine ndinkawasonkhezera moto akamayenga mafuta. Ankandiuza kuti ndiuloze kudzuwa. Mkati mwake munkaoneka timing'alu tambirimbiri topiringizana ngati mizu ya udzu, ndipo ndinkakhoza kuyang'ana mpaka maso kutuluka misozi. Kenako anganga ankauviika m'mafuta ofunda, n'kuusiya momwemo mpaka aphike ndiwo. Pouvuula, timing'alu tija tinkakhala titazimirira, mwala uli mbee ngati madzi a pakasupe.

"Nanga ming'alu ija yapita kuti, anganga?"

"Ilipo. Koma mlendo saonetsedwa ming'alu ya kumapazi. Sonkheza moto uko."

Chaka china amalume a Faustino, atakula n'kukwatira, anatopa ndi ganyu. Ankafuna malata ndi kagolosale, ndipo ankati mwala wa bambo awo ndi wawonso, zomwe sindinganene kuti ankalakwitsa. Tsiku lina anafika akupuma mwamphamvu n'kukhala pakhonde ndi mayi anga. Anati apeza munthu wa ku Limbe wogula miyala, ndipo abwera Loweruka.

"Wandiuza mmene amaudziwira, achemwali. Akuti emarodi weniweni amakhala ndi ming'alu mkati, ndi mmene Mulungu anamupangira. Ukaona woyera bwinobwino wopanda kalikonse, limenelo ndi galasi."

Anganga anali poteropo akusinja nsatsi, msana utaloza kwa ife. Kaya anamva, kaya sanamve. Makutu awo anali odabwitsa: ukawaitana kuti kwabwera a msonkho wa tchalitchi sankamva, koma ukatsegula chitini cha shuga m'nyumba ankamva ali kudimba. Chimene ndikudziwa n'chakuti madzulo ake anauviika mwalawo m'mafuta, ndipo sanauvuule mpaka Loweruka m'mawa.

Wogulayo anabwera pa njinga yamoto, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Mudzi wonse unakhamukira pabwalo pathu, ngakhale amene sankatilankhula. Anganga anamasula kansalu pang'onopang'ono, ngati chiuno chikuwapweteka. Munthu uja anatulutsa kagalasi, natsinzina diso limodzi, n'kutembenuza mwalawo uku ndi uku. Amalume anali atagwada pambali pake.

"Pepani mayi," anatero pomaliza. "Ili ndi botolo. Mulibe kanthu mkatimu."

Wina anayamba kuseka kumbuyo, ndipo kuseka kunafalikira. Ndinadzuka n'kukuwa kuti, "Ming'alu ilimo! Ine ndimaiona!" Sindinamalize bwino, chala cha anganga chinali chitandipota ntchafu mpaka ndinaona nyenyezi masana.

"Musamumvere uyu, ali ndi malungo kuyambira dzulo," anatero, nkhope ili phee.

Ndinakhala pansi nditasokonezeka. Mwala wawo ukunyozedwa, mwamuna wawo akusekedwa, ine ndikuwathandiza, ndiye akunditsina? Kenako munthu uja anandisokonezanso kuposa pamenepo. Anauponyaponya mwalawo m'dzanja n'kunena kuti, "Komabe poti ndabwera kale, ndipatseni ana anga azikaseweretsa. Ndikusiyirani ya sopo."

Anganga anatambasula dzanja. "Ku Limbe mabotolo anatha kodi? Bweretsani kuno."

Njinga itapita ndi fumbi lake, amalume anatsala atagwada pomwepo. Sanakalipe ayi. Analira, munthu wandevu, pamaso pa akazi awo. "Ndiye bambo anga anandisiyira botolo," ankatero mobwerezabwereza. Anganga anamanga kansalu kawo m'chiuno n'kubwerera kuseri kukasinja. Sanawauze mawu ngakhale amodzi owatonthoza, ndipo ine tsiku limenelo ndinadana nawo anganga.

Kuyambira pamenepo m'mudzi anawapatsa dzina loti Anabotolo. Ana ankawakuwiza akamapita kuchigayo, amayi odzatenga mafuta ankatsinana pochoka. Iwo ankangoyankha dzinalo ngati analibadwa nalo. Amalume anasamukira kwa akazi awo ku Mpama ndipo ankabwera pa maliro pokha. Ine ndinkagona ndikudzifunsa: ngati anganga anamva zija za pakhonde, ndiye kuti anasankha dala kusekedwa ndi kumulasa mwana wawo mtima. Ngati sanamve, ndiye kuti anangodzoza mwala wawo kuti ukongole pamaso pa mlendo, n'kudzipweteka okha. Nanga wogula uja, ngati linalidi botolo, ankalifuniranji?

Anganga ndinawafunsa nditakula, iwo atafooka moti munsi sankaunyamulanso. Ndinkawadzoza mapazi pakhonde lomwe lija.

"Anganga, tsiku lija amalume ankanena za ming'alu, munamva?"

"Tsiku liti?"

"Mukudziwa inu."

Anafwenkha fodya, nayetsemula, n'kuyang'ana kumsewu. "Akanati ndi weniweni, bwenzi uli kuti lero? Bwenzi uli malata, ndipo malatawo bwenzi akudontha."

"Ndiye kuti ndi weniweni?"

"Kaya, mwanawe. Ine ndinauzidwa kuti ndisunge. Sindinauzidwe kuti n'chiyani."

Atamwalira, kansalu kaja kanabwera kwa ine. Ndinkaganiza kuti kuphunzira kundimasula, koma kunangowonjezera mfundo. Ndinamva kuti ogulitsa emarodi enieni nawonso amawaviika m'mafuta kuti ming'alu ibisike, ndiye anganga ankachita za akatswiri osadziwa. Ndinamvanso kuti galasi nalo limang'aluka, ndiponso kuti pali miyala ina yobiriwira yosagula ngakhale nkhuku. Mu Blantyre, komwe ndikukhala, muli anthu oyeza miyala ndi makina. Kangapo ndafika pafupi ndi khomo lawo kansalu kali m'chikwama, n'kutembenuka kukakwera minibasi.

Chaka chatha amalume anadzagona kwathu pobwera kuchipatala kudzaonetsa maso. Imvi zili mbuu, ndodo m'manja. M'mawa tikumwa tiyi panja anafunsa ngati akufunsa za mvula, "Botolo la bambo lija ukadali nalo?"

Mwalawo unali utakhala nthawi yaitali osaona mafuta, moti unali utauma. Ndinaumasula n'kuwapatsa, ndipo ndinawauza kuti auloze kudzuwa. Anauyandikizitsa ku diso lawo labwinolo. Timizu tija tinali titabwerera tonse, ndipo aka kanali koyamba kuti iwo ationepo.

Ndinawauza kuti oyeza miyala sali kutali, tikhoza kupita tsiku lomwelo, ndipo ukapezeka weniweni ndi wawo. Tiyi anazizira m'kapu iwo akuyang'anabe mkati mwa kamwalako, ngati akufunafuna munthu m'menemo. Kenako anaufumbata, napukuta maso ndi mkono wa malaya.

"Iwe Rozina," anatero, "mafuta a nsatsi uli nawo m'nyumba muno?"

Ndinali nawo. Tinauviika limodzi mu kambale ka tiyi, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene ndikusunga.