Apongozi Anga Anayang'ana Khoma

Ba Obed Nkhoma, bambo wa malemu amuna anga, anagwira umesenjala ku Boma zaka makumi awiri. Mu 1959 anafuna kulemba mayeso a ukalaliki, motero analowa kalasi ya Chingerezi ya akuluakulu ku holo ya Matero. Tsoka lawo, mphunzitsi ndinali ine.

Apongozi sayang'anidwa kumaso, nanji kuuzidwa kuti alakwa. Akasokoneza ziganizo, za dzulo n'kuziika mawa, ndinkayang'ana pansi n'kunena kuti, "Zikomo." Kope lawo ndinkalichonga lonse, n'kulipereka nditagwada. Maphunziro anga onse a kusekondale anathera m'maondo.

Tsiku lina anaimirira m'kalasi.

"Bamake Salome, buku ya munzanga Twalibu mumaifiiritsa na inki, koma ine vonse vili bwino? Ulemu wanu uzanigwetsa mayeso!"

Anatembenuza mpando nayang'ana khoma.

"Manje nkhope palibe. Kambani."

Miyezi inayi ndinadzudzula msana wawo, kalasi yonse ikuseka. Mayeso aja anakhoza. Atabwera kwathu kudzathokoza, ndinabisala kuseri kwa chitseko, ndipo anathokoza chitsekocho.