Diso Loyera la Azakhali

Pamsika waung'ono wa kwathu ku Domasi, kuseri kwa golosale, panali chinyumba cha malata chopanda mawindo chomwe tinkaoneramo mafilimu masana. Sindinali munthu wokonda zimenezi, koma chaka chimene ndinathyoka mwendo nditagwa panjinga ndinkasowa chochita, ndipo ndinazolowera kupitako. Chaka chomwecho mwini malowo anabweretsa filimu ya azungu ya mizimu, ya magawo ambirimbiri, yomwe inkabwera sizoni ndi sizoni. Inali nkhani ya banja lomwe linagula nyumba yakale m'mbali mwa nkhalango.

Ambiri sankamva Chizungu cha m'filimumo, choncho mwini malowo ankatsitsa mawu a kanema n'kumamasulira yekha pa maikolofoni. Anali bambo wocheperapo kwa ine, wa pakamwa pothwa, ndipo ankathiramo zake. Galimoto ya m'filimu ankati ndi minibasi ya ku Zomba. Mzungu wonenepa ankamutchula dzina la wogulitsa nyama pamsikapo, ndipo wogulitsa nyamayo ankaseka nawo.

Sizoni yoyamba inali yoopsadi, chifukwa choopsacho sichinkaoneka. Chitseko chinkatseguka chokha, galu ankauwa khoma, mwana ankayankha munthu amene ife sitinkamuona. Womasulira ankasowa chonena, tonse tili zii, malata okha akulira ndi dzuwa. Sizoni yachiwiri anationetsa mthunzi ndi mapazi. Yachitatu, kaya anaona kuti anthu atopa ndi zitseko, choopsacho anachipatsa nkhope. Inali nkhalamba yaikazi, yowonda, ya diso limodzi loyera.

Azakhali anga, mlongo wa bambo, ankagulitsa zitumbuwa pakhomo penipeni pa chinyumbacho. Anali amasiye, ana awo ali kutali, ndipo beseni la zitumbuwalo ndilo linkawapezetsa sopo ndi mchere. Diso lawo lakumanzere linayera kalekale, njere ya mpunga itawalasa popuntha.

Nkhalamba ija itangotulukira pa kanema, womasulira anafuula kuti, "Aaa, taonani, afika a zitumbuwa! Amayi, zotentha zilipo?"

Anthu anaseka mpaka kutsokomola.

Sabata zoyamba zinkaoneka zachibwana. Ana a sukulu ankagula chitumbuwa n'kuthawa akukuwa, azakhali n'kumawalalatira monga ankachitira kale. Koma m'sizoni imeneyo nkhalambayo inkapatsa ana buledi kuti aziitsatira kunkhalango, ndipo gawo lililonse womasulira ankati bulediyo ndi chitumbuwa. "Akukawaphunzitsa amenewo," ankatero. Kwathu kuno aliyense amadziwa chimene nkhalamba imaphunzitsa ana a eni ake.

Kenako mwana wa telala anadwala malungo, ndipo m'kutentha kwa thupiko anatchula a zitumbuwa. Mwanayo anachira ndi mankhwala a kuchipatala, koma mawuwo anali atayenda kale. Amayi analetsa ana awo kugula. Kutchalitchi, anzawo a azakhali amene ankakhala nawo benchi limodzi anayamba kusiya mpata pakati.

Ndinapita kwa womasulira uja m'mawa, akusesa.

"Achimwene, tasiyani kutchula azakhali," ndinatero.

"Ah, madala, ndi nthabwala chabe. Wa nyama uja ndimamutchula tsiku lililonse, munamva akudandaula?"

"Wa nyama simunamutchulepo pa mfiti."

"Ndiye diso lija ndinaliyeretsa ndine? Kafunseni azunguwo."

Anasiyadi kuwatchula. Sizinathandize, chifukwa nkhalambayo ikatulukira, anthu ankafuula okha.

Azakhali anapirira mpaka mvula yoyamba. Tsiku lina ndinawapeza kwawo atakhala pakhonde, beseni lodzaza lili pambali, nsalu yovundikira isanachotsedwe n'komwe.

"Idya, mwana wa achimwene," anatero. "Kapena nawenso ukuopa kuuluka?"

Ndinadya ziwiri. Zotsalazo anapatsa nkhumba za aneba, ndipo kumsika sanapitenso. Anayamba kuyenda m'maganyu opalira m'madimba a mpunga, pa msinkhu umenewo, madzi ali m'mawondo.

Filimu ija inapitirira. Mwendo wanga unachira, koma ndinkapitabe nthawi zina, sindikudziwa chimene ndinkafuna kuona. Sizoni yachinayi mizimu inayamba kulankhula, ina mpaka kuchita nthabwala. Amene anafa m'sizoni yoyamba anabwerera ali bwinobwino, atameta tsitsi mwa mtundu wina. Panalibenso woopa. Anthu ankalowa ndi nzimbe, n'kumatsutsana kuti adzuke ndani.

M'sizoni yachisanu anationetsa ubwana wa nkhalamba ija. Zinapezeka kuti sinali mfiti ayi. Pansi pa nyumbayo panali chinthu china choipa kwambiri, ndipo iyo inkatengera ana kunkhalango kuti iwabise. Inafa itatsekereza khomo ndi thupi lake, ana akuthawira kumbuyo. M'chinyumba chathu cha malata amayi ena analira. Telala, bambo wa mwana wa malungo uja, anaomba m'manja.

Womasulira anatsitsa mawu, n'kunena mwachisoni kuti, "Mwaona, abale? Anthufe timafulumira kuweruza."

Ndinadikira kuti wina atembenuke andiyang'ane. Palibe anatero. Anatuluka akukambirana za imfa yabwino ya nkhalambayo, n'kuima pakhomo kugula tchipisi kwa munthu amene anatenga malo a azakhali.

Mawa lake ndinawalondola azakhali kudimba. Anali ataweramira mpunga wa eni ake, chitenje atachikwinya m'chiuno. Ndinawafotokozera zonse, kuti nkhalamba ija inali yabwino, kuti anthu alira, kuti mwina tsopano atayesanso kumsika angawagule. Ndinati ufa ndi nthochi zoyambira ndiwapezera ine.

Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

"Ndiye wa m'filimuyo amukhululukira?"

"Eya, azakhali."

"Anachita kufa kaye?"

"Anafa."

"Basi, andidikire." Anapukuta matope kumaso ndi mkono. "Tapatuka apo, ukuponda mpunga wa eni."

Ndinabwerera kumtunda, iwo anaweramanso.