Nshawa Zimene Amai Anakana Kugulitsa

Ndikakumbukila a Zuze, amene tinayandikana nao nyumba ku Kacholola, m'makutu mwanga mumalila nyundo yao pa malata, ndipo m'mphuno mumabwela utsi wa makala ndi wa mtovu wosungunuka umene ankamatila zidebe zobooka za mudzi wonse. Anachokela ku Mozambiki pothawa nkhondo, ndipo sanali munthu wochulutsa mau.

Chaka chimene kwacha inayamba kupepuka ngati mankhusu, ine ndinali nditangosankhidwa kupita ku sukulu ya mishoni yogonela komweko, ndipo amai, pokhala amasiye, analibe china chondilipilila koma nshawa zimene tinakolola. Kunamveka kuti kudepoti ya zokolola akugula nshawa pa mtengo wosamvekapo kale, kungoti munthu ankalandila kapepala, ndalama zidzabwela pambuyo. Anthu anakokolola nkhokwe zao. Ngolo zinkadutsa kuyambila mbandakucha, ndipo malume anafika ndi yao osaitanidwa.

"Mlongo wanga, iwe ndiwe wanzelu kuposa mudzi wonse? Mutu umodzi susenza denga. Tulutsa matumba."

Amai anatenga chidebe chimene sichinkadontha n'komwe, napita nane kwa a Zuze.

"Bambo, inu mwagulitsa?"

"Iyayi, amai. Koma musaleke chifukwa Zuze waleka. Ine ndinapsa kale, ndimaopa ndi phulusa lomwe. Kwathu ndinasiya ndalama zodzaza mphika, zosagula ngakhale singano. Kapena kuno n'kwina, sindidziwa. Nshawa munalima ndinu, mwana ndi wanu. Dzifunseni chimene amishoni adzalandila mu Januwale."

Amai anabwelela kunyumba, nakweza m'ngolo matumba awili okha.

"Achimwene, denga ili ndisenza ndekha."

Malume anakwapula ng'ombe zosalakwa, nachoka akulalata kuti wokhoma zidebe wawalodzela mlongo wao.

Ndalama zinafika mvula itagwa kale, ndipo za matumba awili aja zinathela pa sopo, mchele ndi botolo la palafini. Malipilo a sukulu anali atakwela. Tinakankha njinga ya a Zuze yosenza thumba limodzi mpaka ku mishoni, ine ndikudziwa kuti akakana kulandila nshawa m'malo mwa ndalama ndidzakhala wolima moyo wonse. Abusa oyang'anila sukulu, amene mosungila zakudya za ana munali mbee, anapisa dzanja m'thumba, naswa nshawa imodzi, naitafuna pang'onopang'ono.

"Amai, kunyumba kwatsala matumba angati?"

Amai anakhala pansi pakhonde pomwepo, naseka mpaka misozi kutsika. Malume atabwela kudzapempha mbeu, anawapimila lichelo lodzaza osawakumbutsa kanthu.

Lelo adzukulu akabwela ndi foni kudzandionetsa kumene anzao onse akuponya ndalama, sindiwaletsa, ndiponso sindiwauza kuti atsate ine. Ndimawafunsa chimene akufuna kudzagula, ndi mwezi wake, kenaka ndimakhala chete kufikila atayankha okha.